Mlandu wofuna kupha: sipanala, kumenya kuwiri ndi funso la cholinga

Lipotili ndi la mlandu umene ndinaimira bambo wina wokonza galimoto, yemwe anaimbidwa mlandu wofuna kupha mnzake wa pantchito. Maina, malo ndi masiku ndachotsa kuti anthuwo asadziwike. Ndikulembera maloya amene angoyamba kumene milandu ya upandu, komanso abale a anthu amene ali m'chitokosi pa mlandu wotere. Ambiri akamva kuti wovulalayo anatsala pang'ono kufa, amangoti basi, wathuyu wapita. Koma kukula kwa bala ndi cholinga cha womenya ndi zinthu ziwiri, ndipo boma liyenera kutsimikizira chilichonse pachokha.

Zimene zinachitika

Awiriwa ankagwira ntchito pa galaja imodzi. Zipangizo zina zitasowa m'bokosi, wodandaula, amene ndi mnzake anadzavulazidwayo, anayamba kumanena poyera, pamaso pa eni galimoto ndi anyamata ophunzira ntchito, kuti munthu wanga ndi wakuba. Zimenezi zinatenga nthawi. Tsiku la ndewu, madzulo akuweruka, wodandaula anabwerezanso mawuwo, munthu wanga anayankha mwachipongwe, ndipo wodandaula anamuwomba mbama n'kumukankhira pagalimoto. Munthu wanga anadzuka, anapita pa benchi ya zipangizo, anatola sipanala yomasulira matayala n'kubwerera. Anamenya kawiri. Koyamba wodandaula anatchinga ndi mkono wamanzere, fupa linathyoka. Kachiwiri sipanalayo inafika m'mbali mwa mutu, cha kutsogolo kwa khutu.

Wodandaula anagwa, koma posakhalitsa anadzuka n'kukhala tsonga, akutukwana, magazi akutsika patsaya. Munthu wanga anaima pomwepo kanthawi, sipanala ili m'manja, kenako anaiponya pansi n'kuchoka. Usiku womwewo wodandaula anayamba kusanza, mutu ukumuwawa kwambiri, ndipo anakomoka. Kuchipatala anapeza kuti chibade chinasweka ndipo magazi anaundana pakati pa chibadecho ndi nembanemba yokuta ubongo. Anamuchita opaleshoni, anapulumuka. Munthu wanga anakadzipereka kupolisi m'mawa mwake, mkulu wake atamuperekeza.

Zimene boma limayenera kutsimikizira

Mlanduwu uli ndi maina osiyana m'maiko osiyana. M'malamulo a milandu ya upandu a Malawi uli pa ndime 223, ku Kenya pa ndime 220, ndipo konseko chilango chachikulu ndi ndende moyo wonse. Ku England umazengedwa pa Criminal Attempts Act ya 1981, chilango chake chachikulu n'chomwecho. Ku America kuli mlandu wapadera womenya munthu ndi cholinga chopha: m'malamulo a boma lalikulu chilango chimafika zaka 20, pomwe m'chigawo cha Michigan chingafike moyo wonse. Dzina lisinthe bwanji, mbali zake ndi ziwiri: chochita, ndi cholinga. Pa chochita panalibe chokangana. Kumenya munthu ndi chitsulo pamutu si kukonzekera chabe, ndi kuchita. Mlandu wonse unatsamira pa cholinga.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ngakhale ophunzira zamalamulo. Wodandaula akanafa, khoti likanapeza munthu wanga wolakwa pa mlandu wakupha boma litangosonyeza kuti ankafuna kumuvulaza kwambiri. Koma poti sanafe, cholinga chovulaza kwambiri sichikwanira. Pafunika cholinga chopha chenichenicho. Mfundoyi inakhazikika mu R v Whybrow mu 1951. Whybrow analumikiza waya wamagetsi ku mbale yoikamo sopo m'bafa kuti mkazi wake agwidwe ndi magetsi posamba. Khoti la apilo, motsogozedwa ndi Lord Goddard, linati woweruza analakwa pouza oweruza wamba kuti cholinga chovulaza kwambiri n'chokwanira, chifukwa pa mlandu woyesera kuchita upandu cholinga ndicho phata la mlandu. Whybrow sanamasulidwe, poti umboni wa cholinga chopha unali wochuluka, koma mfundoyo inatsala. Khoti lalikulu la Canada linatsata njira yomweyo mu R v Ancio mu 1984.

Si kulikonse kumene zili choncho, ndipo loya ayambe wafufuza lamulo la kwawo asanatsamire pa Whybrow. Ku Scotland, kuyambira pa Cawthorne mu 1968, kusasamala koipitsitsa za moyo wa munthu kumakwanira. Ku South Africa n'zokwanira kuti womenyayo anaona kuti imfa ingachitike koma n'kupitiriza osalabada. Mlandu wa sipanalawu ukanazengedwa m'maiko awiriwa, ntchito yathu ikanakhala yolemera kwambiri. Khoti lathu linkatsata njira ya Whybrow.

Cholinga sichioneka ndi maso, choncho khoti limachipeza kuchokera ku zozungulira: chida, mbali ya thupi imene yamenyedwa, mphamvu yake, kangati, mawu amene ananenedwa, ndi zimene womenyayo anachita pambuyo pake. Kale makhoti ankangoti munthu amafuna zotsatira zachibadwa za zochita zake, monga mu DPP v Smith, koma ku England ndime 8 ya Criminal Justice Act ya 1967 inathetsa zokakamiza khoti kuganiza choncho. Tsopano funso ndi lakuti munthu uyu, pa nthawi imeneyo, ankafunanji. Ndipo mtolo wotsimikizira uli pa boma, monga Woolmington v DPP inanenera mu 1935. Wozengedwa safunika kusonyeza kuti sankafuna kupha. Boma ndilo lisonyeze kuti ankafuna, mosasiya chikayiko chomveka.

Njira zimene tinaziyeza n'kuzisiya

Nditakumana naye koyamba, munthu wanga anali ndi mawu amodzi okha: "A loya, ine ndimadziteteza. Anayamba ndi iyeyo." Kuti anayamba ndi wodandaula, mboni zonse zinavomereza. Koma kuyambidwa si kudziteteza. Kudziteteza kumafuna kuti panthawi yomenyayo munthu akhulupirire moona mtima kuti akuukiridwa kapena watsala pang'ono kuukiridwa, ndipo mphamvu imene wagwiritsa ntchito ikhale yoyenera pa chiopsezocho. Makhoti sayeza zimenezi ndi sikelo ya golide. Mu Palmer v R, mlandu wochokera ku Jamaica umene Privy Council, khoti la apilo la ku London, inagamula mu 1971, woweruza Lord Morris anavomereza kuti munthu amene ali pakati pa nkhondo sangawerengetsere bwinobwino kukula kwa mphamvu yofunika. Mu Beckford v R, wochokeranso ku Jamaica, khoti lomwelo linati munthu amaweruzidwa potengera zimene ankakhulupirira moona mtima, ngakhale atakhala kuti analakwitsa.

Zonsezi n'zokoma kumva, koma sizinkatithandiza. Mbama inali itadutsa. Wodandaula sanamutsatire ku benchi, analibe kanthu m'manja, ndipo chitseko cha galaja chinali chotsegula. Munthu amene wachoka pamalo a ndewu, n'kukatola chitsulo, n'kubwerera yekha, sakuthawa ngozi, akubwezera. Ngakhale khoti likanatikomera mtima pa kumenya koyamba, kwachiwiri kunafika pa munthu amene mkono wake unali utathyoka kale. Palmer yemweyo amanenanso kuti kudziteteza kulibe theka: kukagwira, munthu amamasuka, kukapanda kugwira, palibe chotsala.

Pa ulendo wina anandiuza kuti mwina tinene kuti wodandaula anali ndi mpeni m'thumba. Ndinamukumbutsa kuti iye mwini anandiuza kale kuti mpeni sanauone. "Bambo, zimene mwandiuza nokha kuti si zoona, ine sindingaziike pamaso pa khoti. Ndipo mukagwidwa bodza pa mpeni, woweruza sadzakukhulupiriraninso pa chinthu chimodzi chimene tikufuna kuti akukhulupirireni." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, a loya, chitani mmene mukuonera."

Kuputidwa ndi njira ina imene abale amaikonda, chifukwa m'maganizo a munthu aliyense kunenedwa wakuba pagulu n'kumenyedwa mbama ndi chifukwa chomveka chopsera mtima. Koma m'malamulo ochokera ku England kuputidwa kumangotsitsa mlandu wakupha kuti ukhale wakupha mosakonzekera. Sikumasula munthu pa mlandu wofuna kupha kapena wovulaza. Ngakhale England itasintha lamuloli kudzera mu Coroners and Justice Act ya 2009, chitetezo chatsopanocho chinatsalabe cha mlandu wakupha wokha. Ku Michigan n'kosiyanako, poti kumeneko boma liyenera kusonyeza kuti imfa ikanachitika ukanakhala mlandu wakupha mwadala, ndiye mkwiyo woputidwa umalowa m'nkhani. Kwa ife kuputidwa tinakusungira nthawi yopempha chilango chochepa.

Za mowa sindichedwapo. Anali atamwako pang'ono masana. Lamulo, kuchokera pa DPP v Beard mu 1920 mpaka DPP v Majewski mu 1976, limalola kuledzera kuganiziridwa pa milandu yofuna cholinga chapadera ngati uwu, koma pokhapokha ngati kwachititsa kuti cholingacho chisakhalepo. Cholinga cha munthu woledzera ndi cholingabe. Munthu amene anasankha sipanala yoyenera pakati pa zipangizo zambiri, n'kukumbukira zonse m'mawa mwake, sangauze khoti kuti mowa unamuchotsa nzeru. Za misala, zimene zimayezedwa ndi malamulo a M'Naghten a 1843, panalibe n'poyambira pomwe.

Abale ake anabweranso ndi nzeru yawo: akaonane ndi wodandaula, amulipirire zakuchipatala, athetse mlandu. Ndinawauza kuti mlandu wotere ndi wa boma, osati wa wodandaula, ndipo kupita kwa mboni ndi ndalama mlandu uli mkati kukhoza kuthetsa belo n'kubala mlandu wina wosokoneza mboni. Ngati akufuna kuthandiza wovulalayo, zidutse mwa maloya, woimira boma akudziwa, popanda kupempha kanthu mobwezera. Anatero, ndipo zinadzathandiza pa chilango.

Sitetimenti ya kupolisi

Pepala limene linasankha njira yathu linali sitetimenti imene munthu wanga anapereka kupolisi asanapeze loya. Pakati pake panali chiganizo ichi: "Ndinkafuna amve kuwawa kuti asiye kundinyoza." Nditawerenga koyamba ndinaganiza zoitsutsa kuti isalandiridwe ngati umboni. Koma panalibe chosonyeza kuti anaumirizidwa, anachenjezedwa za ufulu wake wokhala chete, ndipo anasaina yekha. Komanso nditaiwerenganso ndinaona kuti chiganizocho ndi lupanga lakuthwa konsekonse. Chinkapha kudziteteza, inde, chifukwa wofuna kuti mnzake amve kuwawa sakudziteteza. Koma wofuna kuti mnzake asiye kumunyoza akuganiza za mawa limene mnzakeyo ali moyo. Mawuwa ananenedwa patangopita maola ochepa, asanadziwe kusiyana kwa ndime imodzi ya lamulo ndi inzake, choncho palibe akanati anaphunzitsidwa ndi loya.

Tinasankha kuvomera zimene sizikanakanika, n'kulimbana pa chinthu chimodzi. Tinauza woimira boma kuti munthu wanga ndi wokonzeka kuvomera mlandu wovulaza kwambiri. Anakana, ndipo sindimunena: anali ndi lipoti la opaleshoni ya m'mutu, chida chachitsulo, munthu wothawa pamalo, ndi mboni imene inkati inamva mawu oopseza kupha. Mlandu unapita kukazengedwa.

M'khoti

Mboni yofunika ya boma inali mnyamata wophunzira ntchito. Pofunsidwa ndi woimira boma anati anamva munthu wanga akukuwa kuti amupha, akuchokera ku benchi. M'sitetimenti yake ya kupolisi, yolembedwa tsiku lotsatira ndewu, mawu amenewo munalibe. Munali kuti anamva kukuwa ndi kutukwanizana, basi. Sindinamutchule wabodza, chifukwa sindikhulupirira kuti ankanama mwadala. Nkhani ikakambidwa kambirimbiri pagalaja, munthu amayamba kukumbukira zimene anamva kwa anzake ngati anaziona yekha. Ndinangomupatsa sitetimentiyo kuti awerenge, n'kumufunsa ngati wapolisi anamuletsa kunena china chilichonse. Anati ayi. Ndinafunsa ngati tsiku limenelo zinthu ankazikumbukira bwino kuposa lero. Anati inde. Kenako ndinafunsa zimene ndinadzera.

"Wodandaula atagwa, ndani anagwira wozengedwayu?"

"Palibe."

"Inu munali pati?"

"Ndinali kuseri kwa galimoto, ndinkaopa."

"Sipanala inali kuti?"

"Inali m'manja mwawo."

"Wodandaula ankachita chiyani?"

"Anakhala pansi, akuyankhula."

"Ndiye chinaletsa wozengedwayu kumenyanso n'chiyani?"

Anaganiza pang'ono, n'kuti, "Anangosiya okha."

Funso lomalizali ena angati linali langozi, poti loya safunsa chimene sakudziwa yankho lake. Koma mayankho anayi oyambawo anali atatseka kale njira zina zonse.

Dokotala amene anachita opaleshoni anali mboni yoona mtima, ndipo mboni yotere suyenera kulimbana nayo. Anati popanda opaleshoni wodandaula akanafa, ndipo sindinatsutse. Ndinamupempha kuti afotokozere khoti za malo amene anamenyedwa. Anati fupa la m'mbali mwa mutu, cha kutsogolo kwa khutu, ndi lopyapyala poyerekeza ndi la pachipumi kapena la kunkhongo, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wamagazi umene umang'ambika fupalo likasweka. Ndinafunsa ngati pamafunika mphamvu yoopsa kuti zimenezi zichitike. Anati ayi, kumenya kumodzi kwa mphamvu yapakatikati ndi chinthu cholimba kungachite zimenezo, ngakhale kugwera pa chinthu cholimba. Ndinafunsanso ngati n'zachilendo kuti munthu wovulala motere adzuke n'kumayankhula. Anati n'zodziwika bwino pa kuvulala kwa mtundu umenewu: magazi amadzadza pang'onopang'ono, ndipo munthu amatha kuoneka bwino kwa maola angapo asanakomoke. Pa fupa la mkono anavomereza kuti linathyoka m'njira imene imachitika munthu akamatchinga.

Mfundo yomalizayi woimira boma anaigwiritsa ntchito mwanzeru. Anati ngati wodandaula ankatchinga ndi mkono, ndiye kuti kumenya koyamba nakonso kunkalunjika kumutu, kutanthauza kuti munthu wanga analunjika kumutu kawiri. Iyi ndiyo inali mfundo yawo yolimba kuposa zonse, yoposa mawu oopseza aja, ndipo ndikukhulupirira kuti woweruza wina akanatha kuimirira pomwepo. Yankho lathu linali lakuti mkono umatchinganso phewa ndi chifuwa, kuti wodandaula ataumva ululu wa mkono anawerama, ndipo palibe mboni inanena motsimikiza kumene sipanala yoyamba inkapita.

Munthu wanga anapereka umboni atalumbira. Tinakambirana kwambiri ngati atero, chifukwa anali ndi ufulu wokhala chete ndipo munthu wopsa mtima msanga amatha kudziwononga yekha akapanikizidwa ndi mafunso. Koma pa mlandu umene funso lake ndi zimene zinali mumtima mwake, kukhala chete kumasiya khoti ndi sipanala ndi lipoti la dokotala basi. Anavomera kuti anakwiya, kuti anatola chitsulo mwadala, kuti ankafuna kumupweteka. Atafunsidwa chifukwa chimene anathawira, anati anaona magazi, anachita mantha ndi anthu amene anayamba kusonkhana, ndipo anasiya mnzakeyo akuyankhula.

Mfundo ya kusiya

Pomaliza woimira boma anati kusiya kumenya si chitetezo. Ananena zoona. Munthu akangochita chinthu choyesera kupha ali ndi cholinga chopha, mlandu wakwanira pomwepo, ndipo kusintha maganizo pambuyo pake kumangokhudza chilango. Wowombera mnzake n'kumuphonya, kenako n'kutaya mfuti, wapalamulabe. Ife sitinanene kuti munthu wanga ankafuna kupha kenako n'kuleka. Tinati kusiyako ndi umboni wa zimene ankafuna kuyambira pachiyambi. Munthu amene cholinga chake ndi imfa, ali ndi chida m'manja, mdani wake ali pansi akupuma ndi kutukwana, palibe womugwira, alibe chifukwa choimira. Kuima kwake kumagwirizana ndi munthu amene wapeza kale chimene ankafuna, ndipo chimene ankafunacho anachinena yekha kupolisi. Kusiyanitsa kumeneku n'kochepa pokumva, koma loya amene wakusokoneza amapatsa woimira boma yankho lophweka.

Tinatchulanso Smallwood v State, mlandu wa ku Maryland, ku America, wa 1996, ngakhale kuti nkhani yake ndi yosiyana kotheratu. Kumeneko khoti linakana kupeza cholinga chopha pongotengera kuti wozengedwa anaika anthu pa chiopsezo cha imfa, popanda umboni woti imfayo inali chotsatira choyembekezereka kwambiri kapena umboni wina wa cholinga. Khoti lathu silinali lokakamizidwa kutsatira mlanduwo, koma unathandiza kuonetsa kuti chiopsezo ndi cholinga sizifanana. R v Woollin wa 1998 amalola khoti kupeza cholinga ngati wozengedwa ankadziwa kuti chotsatiracho chinali chosapeweka ndithu. Umboni wa dokotala unasonyeza kuti imfa inali yotheka, osati yosapeweka, ndipo palibe chinasonyeza kuti makaniko ankadziwa za mtsempha wa pansi pa fupa lija.

Chigamulo ndi chilango

Woweruza anakana umboni wa mawu oopseza chifukwa cha kusiyana kwake ndi sitetimenti yoyamba. Anati kudziteteza kunalibepo, ngakhale kuti sitinakuike patsogolo, poti khoti liyenera kuganizira chitetezo chilichonse chimene umboni ukuchionetsa. Pa cholinga anati kumenya mutu ndi chitsulo kumachititsa munthu kuganiza kwambiri kuti wozengedwa ankafuna kupha, koma polingalira sitetimenti yake, umboni wa dokotala ndi kusiya kwake popanda womuletsa, sakanatha kunena mosakayika kuti ankafuna imfa osati kuvulaza. Anamumasula pa mlandu wofuna kupha n'kumupeza wolakwa pa mlandu wocheperapo wovulaza kwambiri, umene lamulo limalola khoti kugamula ngakhale sunalembedwe pa pepala la mlandu.

Popempha chifundo tinatchula kuputidwa kwa nthawi yaitali ndi mbama ija, kuti kanali koyamba kupalamula, kuti anadzipereka yekha, kuti anali wokonzeka kuvomera mlanduwu kuyambira pachiyambi, ndi thandizo limene abale anapereka kwa wovulalayo. Boma linatchula chida, mutu, ndi kuti wodandaula mpaka pano amadwala mutu kawirikawiri ndipo mkono wake sunabwerere mphamvu zake zonse, zimene kwa makaniko ndi nkhani ya chakudya cha ana. Khoti linagamula zaka 5, kuwerengera kuyambira tsiku limene anamangidwa.

Abale anafunsa za apilo pa chilango. Ndinawalangiza kuti asatero. Chilangocho chinali mkati mwa zimene makhoti amapereka pa kuvulaza mutu ndi chida, ndipo khoti la apilo lili ndi mphamvu yowonjezera chilango, osati kuchepetsa kokha. Ndinawachenjezanso kuti mlandu wa upandu sutseka njira ya wodandaula yokasuma payekha kufuna chipukuta misozi, ndipo umboni umene munthu wanga anapereka atalumbira, kuti ankafuna kumupweteka, udzakhala pa tebulo tsiku limenelo. Boma silinachite apilo pa kumasulidwa kwake pa mlandu waukulu.